Mkaka ndi Nthochi za Shefali

Ku Sylhet, m'khitchini mwa apongozi ake, Shefali ankatsokomolera mumpango kuti anthu asamve. Mwamuna wake Mizan anali ku London chaka chachitatu, akuphika m'lesitanti, ndipo ankakonza mapepala oitanira mkazi wakeyu ndi mwana wawo Tuli. Chomwe chinkamudula miyendo Shefali chinali chimodzi: wopita kumeneko amayamba wajambulidwa m'chifuwa, ndipo akamupeza ndi TB ulendo umaima.

Rokeya, mlongo wake wa Mizan, ndiye adaona kadontho ka magazi pampango paja.

"Alamu, ichi si chimfine. Tiyeni kuchipatala mawa. Mankhwala ake ndi aulere, miyezi isanu ndi umodzi basi."

"Tsekani pakamwa inu! Akakandilemba m'buku mwawo, London ndidzangoionera pafoni. Ndi utsi wa nkhuni uwu."

"Utsi wa nkhuni n'kuwondetsa munthu mpaka zibangili kumavuka zokha? Nanga mwanayu mukufunda naye bulangeti limodzi?"

Shefali adangotembenukira kumphika wa mpunga. Adatha miyezi isanu ndi itatu akumwa madzi a jinja, thukuta lili kamukamu, mtima uli m'mwamba. Tsiku loyezedwa litayandikira, amayi ena apamudzipo adamunong'oneza nzeru yawo: amwe mkaka wambiri ndi kudya nthochi, mapapo akaoneka oyera pachithunzi. Abale, mantha amapusitsa! Munthu wopita kusukulu ngati iyeyu adagugudiza makapu anayi m'mawa umenewo, n'kukwera basi mimba ili ndi.

Kuchipatala, dokotala adayang'ana chithunzicho nthawi yaitali.

"Mayi, mwakhala mukutsokomola kuyambira liti?"

"Ine sinditsokomola, adokotala."

Pomwepo Tuli, amene adali pamiyendo pa mayi ake, adatsokomola. Chinali chifuwa chouma, chochokera pansi penipeni, chomwe chija Shefali adachizolowera mumpango mwake. Dokotala adaika cholembera pansi.

"Nanga uyu?"

Atawayeza bwinobwino, matenda adapezeka mwa onse awiri, koma mwa mwana adali atalowerera. Adamugoneka m'chipatala tsiku lomwelo.

"Mukadabwera chifuwa chitangoyamba, bwenzi pano mutachira," adatero dokotala. "Chikalata choti mulibe TB tikadakupatsani, ndipo mwanayu bwenzi akusewera panja."

Rokeya adafika ndi chakudya, koma sadanene kuti "ndinkanena." Adangokhala pambali n'kugwira kadzanja kotentha ka Tuli. Foni ya Shefali idayamba kulira. Anali Mizan, amene dzulo lake adatumiza chithunzi cha kabedi kamene adagulira mwana wake. Idalira, n'kusiya, n'kuliranso.

"Yankhani, alamu. Bambo wa mwana ayenera kudziwa."

Shefali adaitenga foni ija, maso ali pachifuwa cha Tuli chomwe chinkakwera ndi kutsika movutikira. Za London anali ataiwaliratu. Ankangopempha Mulungu kuti mwanayo apumenso kamodzi.

Akuluakulu sadaname: samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.