Njerwa ya Kadzenje Kakang'ono

Kalekale, anthu inu, kuseri kwa phiri lina lakuda kudali mudzi wa Pondadothi. Kumeneko amuna ankaumba njerwa, akazi ankaumba njerwa, ngakhale nkhuku zinkayenda ndi matope kumapazi. Masewera awo adali amodzi basi: nkhonya.

Mwambo wake udali wotere. Akamaliza kukolola, aliyense wofuna lamba wa ukatswiri ankadinda chibakera chake panjerwa yaiwisi n'kuiyanika pabwalo. Zikauma, mwini lamba ankatolapo imodzi. Mwini njerwa imeneyo ndiye womenyana naye, ndipo ukatola watola, kubweza kudalibe.

Mwini lamba adali Mpondamwala. Munthuyo adali ndi dzanja, ine sindinama. Tsiku lina adamenya mtengo wa mlambe, malambe ake adakagwera anthu pamaliro mudzi wachitatu. Koma atangomanga lambayo m'chiuno, adayamba kuopa kuti wina amulanda.

Chaka choyamba adatola njerwa ya kadzenje kakang'ono. Mwini wake adali telala wachifuwa. Chaka chachiwiri adatolanso yaing'ono, ya mkulu wina wopanda mano amene adangoterereka n'kugwira njerwa. Chaka chachitatu adamenya munthu amene adali atangochira malungo dzulo lake.

Pomwepo padali Dzimbiri, wosula makasu. Njerwa yake inkakhala kutsogolo chaka chilichonse, dzenje lake ngati mtondo.

"Achimwene, yangayi simukuiona?" adafunsa Dzimbiri.

"Maso akundivuta chaka chino."

"Nanga ya telala ija mudaiona bwanji?"

Anthu adaseka. Kuchitsime ankamuimba, kumsika ankamuloza, kumowa ankamufunsa ngati lambayo ndi womangira thalauzi.

Chaka chachinayi pabwalo padapezeka njerwa yachilendo. Dothi lake lidali lakuda bii, losakhala la dambo lawo. Woibweretsa palibe adamuona. Koma kadzenje kake! Dzira la njiwa silikadakwanamo.

Nabengo, mkazi wa Mpondamwala, adamukoka malaya mwamuna wake. "Bambo a Tiyese, tolani ya Dzimbiri. Uja ndi munthu, amayi ake tikuwadziwa. Akakugwetsani, akudzutsani yekha. Iyi mwini wake ndani?"

"Khala chete, mkazi iwe. Kameneka ndikamenya ndi dzanja lamanzere."

Adatola. Njerwayo idali yozizira ngati mtembo, dzuwa lili pamutu.

Tsiku loyamba madzi adayamba kunjenjemera okha m'mitsuko. Tsiku lachiwiri mbalame zonse zidathawa kuphiri, agalu adalowa pansi pa nkhokwe osauwa. Tsiku lachitatu, masanasana, mthunzi udagwa pamudzi wonse. Di! Di! Di! Uvuni wa njerwa udagumuka wokha.

Chidatsika kuphiri chinthu, abale. Mutu wake sitidauone, udali m'mitambo. Mawondo ake okha ndiwo adafika pabwalo, aubweya ngati tchire losatentha. Chitawerama, mpweya wake udasasula madenga asanu.

"Watola njerwa yanga ndani?"

Zala zonse zidaloza Mpondamwala. Iye adayamba kuchonderera.

"Pepani agogo, pachitika kulakwitsa. Ine ndidaona kadzenje kakang'ono."

"Eya. Ndidangokhudza ndi nsonga ya chikhadabo. Chibakera chikadaphwanya bwalo lanu."

Mpondamwala adayamba kumasula lamba. "Tengani, agogo. Ndakupatsani ndi mtima woyera."

"Mangani!" chidabangula. "Lamba sapatsana, amalandana. Si mwambo wanu umenewo?"

Mpondamwala adatembenukira kwa Dzimbiri, misozi ili mbwembwembwe. "Achimwene, maso aja achira. Njerwa yanu ndaiona tsopano!"

Dzimbiri adayankha ali kuseri kwa ngolo. "Mudaidumpha kanayi, achimwene. Lero ine ndine woonerera."

Woimba wenzulo adaiuzira mwangozi, chifukwa cha kupuma mwamantha. Mpondamwala adatseka maso n'kuponya nkhonya yake yonse, yamphamvu kuposa zonse zimene adaponyapo. Idagunda chala chachikulu chakuphazi. Chinthucho chidadikira pang'ono.

"Wayamba kapena sunayambe?"

Kenaka chidapinda chala chimodzi, monga muchitira pochotsa nyerere pamalaya. Thapu!

Lamba adagwa pansi ali womangamanga, mwini wake mulibe. Nabengo adayang'ana kumwamba mpaka khosi lidauma. Adadikira sabata, adadikira mwezi, adadikira chaka. Mpaka lero Mpondamwala sanatere pansi. Mukamva chinthu chikulira mumlengalenga kunja kulibe mtambo, musati ndi ndege, ndi iyeyo akudutsa.

Chinthu chija chidatola lamba n'kumuvala kuchala ngati mphete. Chisanabwerere kuphiri chidayang'ana amuna onse mmodzimmodzi.

"Mwini lamba ndine tsopano. Mukakolola ndibwera kudzatola njerwa."

Palibe adakhala m'mudzimo kufikira kukolola. Adasamuka onse, makasu, mbuzi ndi mitondo yomwe, ndipo kumene adapitako amakhala m'nyumba zaudzu.

Ndiye mwamva, inu okonda kusankha ofooka. Mdani amene ukumudziwa dzina ndi kwawo, limbana naye, ugwe, udzuke. Ukamuzemba nthawi zonse, tsiku lina udzatola wosamudziwa.

Yanga yathera pompa. Amene akuti ndanama, apite yekha akafunse kuphiriko.