Polo Limene Silinadulidwe

Kudera la Madisi kunali mlimi wina wa fodya, munthu wosadziwa kukhala pansi. Akamadya, maso ali kumunda. Akafika kumunda, mtima uli kunyumba. Ngakhale m'tchalitchi mwendo wake unkangogwedera ngati akupalasa njinga. Ena mukumudziwa munthu wotere, koma musacheukire mnzanu.

Chimene chinkamudya mtima chinali chiswe. Chaka ndi chaka ankadula mitengo n'kumanga chigafa choyanikamo fodya, chaka ndi chaka chiswe chinkapita nayo. Ndiye tsiku lina anamva kuti a magetsi azula mapolo akale m'mbali mwa msewu ndipo akuwagulitsa. Mapolo akuda bii, onunkha phula, oti chiswe sichiyerekeza n'komwe. Nkhaniyo sinagone. Anamanga ng'ombe pangolo, n'kukatuta mapolo asanu ndi awiri: asanu ndi limodzi a m'mbali, limodzi lalitali loti liime pakati, lisenze mtanda wa denga.

Mlamu wake, a Zingani, anali atakwera mapolo otere zaka makumi awiri asanapume pantchito ya magetsi. Anabwera ndi hamala, n'kuyamba kugogoda polo lililonse. Kumutu linkalira ngwe, ngwe. Kutsinde linkangoti phu, phu.

"Alamu, mapolo awa sanawazule chifukwa chodana nawo ayi," anatero a Zingani. "Awola kutsinde, pamene ankakumana ndi dothi. Dulani powolapo mpaka muone mtengo wabwino, kenako muimike."

Mlimi uja anakanda mutu, koma anatenga sowo. Mapolo a m'mbali anadula onse, ndipo sizinamupweteke, pakuti m'mbali simufuna mitengo yaitali. Atafika pa polo lapakati, anaima. Limeneli ndiye linawola kwambiri. Kunja linkaoneka losalala ndithu, koma hamala inkati phu, phu mpaka kufika m'chifuwa mwa munthu. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Anayesa ndi chingwe. Anayesanso. Akadula, denga lonse litsika, ndipo mzere wathunthu wa mikangala, timitengo topachikapo fodya tija, usowa malo. Akadula, ayambirenso kukumba ndi kukonza mapolo a m'mbali. Anayang'ana kumunda, masamba a m'munsi ayamba kale chikasu. Anayang'ana kumwamba, mitambo ikusonkhana cha kumapiri a Dowa. Anazungulira polo lija katatu, sowo ili m'manja. Anaiika pansi. Anaitolanso. Mtima unali pawiri, ndipo ankachita mantha, osati ndi kuwolako, koma ndi kuchedwa.

Pamapeto pake anatenga oyilo wakuda wa kuchigayo, n'kupaka tsinde lonse mpaka kunyezimira. Analowetsa polo m'dzenje, anakwirira, anapondaponda dothi, n'kuthirapo miyala. Chowola chonse chimene chinatsala pamtunda anachikuta ndi pulasitiki, akuti kuteteza ku chinyezi.

Madzulo a Zingani anadutsa. "Lapakatili mwadula, alamu?"

"Zonse zili bwino, alamu. Onani mmene laimira."

Sananame mawu, koma sanayankhenso funso. Inu mumadziwa mayankhidwe amenewo.

Chigafa chinatha, ndipo chinali chigafa ndithu. Odutsa pamsewu ankatsika panjinga kuti achione. Mvula yamkuntho inabwera, inasasula madenga a anthu, koma icho chinangoti nji. Mlimi uja anaseka, nati mumtima mwake akuluakulu amakonda kuopseza. Komabe m'mawa uliwonse ankapita pa polo lapakati, n'kuligwira, n'kuligwedeza pang'ono. Palibe amene ankamufunsa, koma mtendere analibe.

Chaka chimenecho Mulungu anamudalitsa. Fodya anabereka masamba aakulu ngati lichero, osaonekapo chiyambire. Anathyola, anasoka, anapachika. Mzere woyamba unadzaza, wachiwiri unadzaza. Fodya wamuwisi ndi wolemera, abale, ndi madzi okhaokha. Anafika pa mzere wa pamwamba, uja anakanira kudula polo chifukwa cha iwo, n'kuudzazanso thothotho.

Linali Lachinayi m'mawa. Kunalibe mphepo, ngakhale yogwedeza tsamba. Mlimi atangotsika pamakwerero n'kutuluka panja kuti asirire ntchito yake, anamva khwa! Polo lapakati linagwada pamene panali pulasitiki paja. Mtanda unathyoka, denga linakhala pansi, ndipo fodya wa chaka chonse anagwera m'matope, udzu ndi mitengo zili pamwamba pake. Asanavundukule ngakhale theka, mvula ya masana inafika.

A Zingani anabwera akuthamanga. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangotola chidutswa cha tsinde lija, n'kuchifinya m'manja, chinangonyenyeka ngati chigumu. Mlimi uja, munthu wosakhala pansi, tsiku limenelo anakhala pansi m'matope momwemo. Atadzutsa maso anaona mapolo asanu ndi limodzi aja, afupiafupi, odulidwa, ali chiimire onse.

Abale ndi alongo, mapolo aja ndife. Ambiri muno dziko linatizula n'kutitaya m'mbali mwa msewu, ndipo Ambuye sanachite nafe manyazi, anatitola kuti amangire nyumba yawo. Koma mmisiri wabwino saimika polo asanadule powola. Ife timalola kudulidwa pamene sipapweteka. Tasiya ichi, tasiya icho, takonza m'mbali monse. Koma pali tchimo limodzi lapakati, limene timati tikalivomereza tifupika pamaso pa anthu. Limenelo timalipaka oyilo, timaliveka yunifolomu ya mvano kapena jekete la mkulu wa mpingo, n'kulikwirira.

Mvetsani bwino: chigafa chija sichinagwe ndi mkuntho. Chinagwa ndi dalitso. Mwina lero mukupempha banja, ntchito, udindo, ana, ndipo mukudabwa kuti Mulungu akuchedweranji. Kodi akakupatsani zonsezo, tsinde lanu lisenza?

Bwerani kwa Iye lero, sowo ikadali m'manja mwa Mwini chifundo. Muuzeni pamene pakulira phu, phu. Mudzafupika, inde, ndipo zidzawawa. Koma tsiku lopachika fodya, inu mudzakhala muli chiimire.