Paipi Yoloza Kumwamba

Mwana wanga Esinta anandifunsa tsiku lina tikuchapa: “Amayi, kodi munthu wosachita phokoso anthu amamuwerengera?” Anali atangoyamba ntchito, ndipo anzake ankamunena kuti ndi wozizira. Ndinamuyankha ndi nkhani iyi, lero ndikuuzaninso inu.

Panali munthu wina amene anali ndi lole imodzi yokha, yakale, yotutira njerwa. Tsiku lililonse ankakwera nayo chitunda china chachitali. Pakati pa chitundacho, kumanzere kwa msewu, mayi wina ankagulitsa mandasi atawavundikira ndi kansalu koyera. Paipi ya ekizozi, yotulutsira utsi wa loleyo, inkatulukira m'munsi, kumanzere komweko.

Tsiku lina lole itasenza, tebo inafera pachitundapo. Tebo ndi kachitsulo kooneka ngati nkhono kamene kamapopera mpweya mu injini kuti ikoke katundu. Inalira mokwekwesa, oyilo analowa mu ekizozi, chiutsi chonse n'kukhuthukira pa beseni la mayi uja. Kansalu kanada bii. Mandasi onse ananunkha oyilo.

Munthuyo anatsika akuyembekezera kutukwanidwa. Analowa pansi pa lole, nachedwako dala. Potuluka anapeza pamwala pali kachigubu ka madzi ndi kachidutswa ka sopo.

“Sambani, achimwene,” anatero mayiyo. “Mandasi ndikakazinga ena.”

Lole anaikokera kugalaja. Kumeneko madalaivala anzake anamuunjirira ndi malangizo. Anati asadzivute, angomangapo tebo ina yakutha yomwe inali pakona, adule sailensa yochepetsa phokoso la injini, paipi iwongoke, lole izibangula. Anati utsi ndi wa aliyense, ndipo bwana amene ankamututira njerwa amakhulupirira lole yomveka patali. Anamuchenjezanso kuti akachedwa masiku atatu, ntchito ipita kwa wina. Apa sananame. Ndipo ntchitoyo ndi imene inkadyetsa ana ake.

Iye anakana. Anakhala pansi ndi makaniko, namasula teboyo, tizitsulo tonse n'kutiyala pa saka. Anasintha mabering'i ndi timphete totsekera oyilo. Anatsuka kapaipi kakang'ono kobweretsa oyilo, kamene kanali katatsekeka ndi nyansi zakuda. Makaniko anati kameneko ndiye kanapha tebo, kungoti ambiri sakayang'ana n'komwe. Tsiku loyamba linatha. Lachiwiri linatha.

Lachitatu anaitana wowotcherera zitsulo. Anzake anakondwa, amvekere tsopano wamva. Koma iye anati sailensa asaikhudze. Paipi yokha ndiyo idulidwe, ipindidwe, ikwere kuseri kwa mutu wa lole mpaka kupitirira denga, kukamwa kwake kuloze kumwamba.

Anzake aja anaseka mpaka kugwirana mapewa.

“Aise, imeneyi ndi lole kapena chigayo? Tibwere ndi chimanga?”

Masana bwana uja anafika yekha. Anaima chapatali kuopa kudetsa nsapato, nanena kuti lole ikapanda kunyamuka tsiku lomwelo, aika ina.

Munthuyo sanakweze mawu. Anapukuta manja pa ovolosi, nati, “Ikani ina, bwana. Yangayi ituluka muno ikasiya kulavulira anthu.”

Bwana anaikadi ina. Kwa milungu ingapo munthuyo ankangotola maganyu a mchenga apa ndi apo, ana ake n'kumamwa tiyi wopanda shuga. Anzake akamudutsa ankamuombera injini dala. Iye paipi yake sanaitsitse.

Kenako linafika tsiku loti akwerenso chitunda chija atasenza. Anatsitsa giya. Tebo inaimba kamluzu kake kosalala, lole inakoka osatsokomola, ndipo kautsi kochepa kamene kanatuluka kanapita kumwamba. Atadutsa pamwala paja anasuzumira pagalasi. Mayi uja anali atawerama, akukulunga mandasi m'pepala. Sanadzutse n'komwe mutu. Kansalu kanali koyera mbee.

Munthuyo sanaimbe hutala. Anangopitirira.

Ana anga, ntchito iliyonse ili ndi utsi wake, nanunso mudzakhala nawo. Adzabwera okuuzani kuti mudule sailensa kuti mumveke. Mukane, ngakhale mutamwa tiyi wopanda shuga. Konzani cham'kati, ndipo utsi wanu muulozetse kumene kulibe munthu. Amene anakupatsani sopo tsiku limene munamudetsa musamuiwale. Mum'bwezere, ngakhale iye asadzutse mutu.