Nakwenda ndi Luzi la M'phesi la Mapira

Kalekale, mapira asanadziwe kutalika, m'kati mwa phesi munali mudzi wa tianthu tosaoneka ndi maso. Banja lililonse linali ndi chipinda chake. Makoma anali a mizati ndi luzi, zonse zopota kuchokera ku shuga amene masamba ankatsitsa dzuwa likawala. Mizati inkaimirira, luzi linkaigwira, madzi a m'chipinda ankakankha khoma kuti likule.

Koma khoma silikanatambasuka popanda alumikizi, amene a kusukulu amati maenzaimu. Ntchito yawo inali kudula luzi ndi kulimanganso potalikirapo. Mmodzi mwa iwo anali mwamuna wa mayi wina dzina lake Nakwenda. Tsiku lina iye anadula luzi, nsonga inamupulumuka m'manja, khoma linaphulika. Chimene Nakwenda anakapeza ndi mpeni wokha.

Pamaliro pomwepo anthu anapangana kuti luzi lisadzadulidwenso. Anamanga mfundo pamwamba pa mfundo. Khoma linalimba, khoma linauma, khoma linaima. Kunja nsongole ndi chisoso zinakula, n'kuphimba phesi lija. Dzuwa linasowa, shuga anachepa, ana analeka kusewera.

Nakwenda ankakhala pakhomo ndi kachidutswa ka luzi, akudula, akumanga, akumasula. Ankaona kuti manja awiri sakwanira: lina limagwira mpeni, lina limafunafuna luzi latsopano. Nanga nsonga yodulidwayo aigwire ndani?

M'mawa wina mwana wa m'chipinda choyandikana anakanika kudzuka chifukwa cha njala. Nakwenda anatenga mpeni. Panjira anakumana ndi mlamu wake, Tsirizani.

"Alamu, mpeniwo mukupita nawo kuti?" anafunsa Tsirizani.

"Kukhoma."

"Aa! Maliro amodzi sanakukwanireni? Mukufuna tiphikenso nyemba za pasiwa?"

"Nyembazo mukazipeza kuti ndi njala ino? Tiyeni, mukandigwirire luzi latsopano."

Tsirizani anatsatira akung'ung'udza. Anthu anatuluka m'zipinda n'kuima patali.

Nakwenda anafika pakhoma. Analuma luzi lakale ndi mano, kenako anadula. Khoma linalira, kuti "tswa!" Mizati inasuntha pang'ono. Luzi linakoka mutu wake, khosi linawawa, misozi inatuluka, koma mano sanatseguke. Anatambasula dzanja, Tsirizani anaikamo luzi latsopano, Nakwenda analumikiza nsonga ziwirizo. Mfundo itagwira, m'pamene anatsegula pakamwa.

Khoma linali litatalika. Silinaphulike.

"Alamu!" anakuwa Tsirizani. "Mano amenewa munkawabisa kuti?"

"Lina," anatero Nakwenda.

Analuma, anadula, anamanga. Analuma, anadula, anamanga. Alumikizi ena anathamangira mipeni yawo imene inachita dzimbiri, nawonso n'kuyamba kuluma, kudula ndi kumanga. Chipinda chinatalika, chapamwamba chake chinatalika, phesi lonse linanyamuka. Linadutsa chisoso. Linadutsa nsongole. Tsamba loyamba linatulukira padzuwa, ndipo shuga anatsika ngati mvula yoyamba. Mwana uja anamwa, anakhala tsonga, n'kupempha wina.

Ng'oma zinalira, nthungululu zinamveka kuyambira kumizu mpaka kungala. Nakwenda yekha sanalulutire, pakuti pakamwa pake panali luzi.

Ndiye inu amene mwakhala pano, mverani. Chimene sichidulidwa sichikula. Koma wodula asataye nsonga yakale asanaimangirire ku yatsopano.

Nthano yanga yathera pamenepa. Kaphuleni mbatata ija isanapserere.