Munda wa Nagama Alime Ndani?

Kalekale, osati kale la makolo ayi, koma chaka chomwe msewu waukulu unathiridwa phula latsopano, mnyamata wina dzina lake Chabwera anadulitsa mwendo wa mayi wosalakwa. Nkhani imeneyi imandinyansa, ndikamainena mtima umachita kuwira.

Layisensi anamugulira ndi malume ake, a Msosa. Kusukulu yoyendetsa galimoto mnyamatayo anangopondako masiku anayi. "Aphunzire chiyani?" anatero a Msosa. "Chiwongolero munthu amazolowera pamsewu. Ndayankhula kale ndi munthu wanga, pepala lituluka Lachisanu." Linatulukadi. Ati kumukonda mphwawo kumeneko!

Loweruka lake Chabwera ananyamula mlamu wake Ganizani, ulendo wa ku chinkhoswe. Ankayenda pang'onopang'ono. Ganizani anayamba kumuseka: "Alamu, kodi tanyamula maliro? Onani, mpaka a kabaza akutipitirira! Pondani moto, mwamuna satero." Chabwera anagwidwa manyazi, naponda mpaka liwiro kufika 120.

Kutsogolo, kuseri kwa pokhota, lole ya chimanga inali itafa chim'mawa. Paja galimoto ikafa timayala nthambi kuyambira patali, kuti obwera achepetse liwiro. Koma dalaivala wa loleyo, a Thombozi, anangothyola tinthambi tiwiri, n'kutiponya pafupi ndi matayala, iwo n'kukagona pamthunzi. Ulesi wake, ine sindinauonepo!

Chabwera potulukira anangoona lole ili pamphuno. Palibe anamuuzapo kuti pa liwiro lotero galimoto siima pomwe wapondera buleki. Anakhotetsera kumanzere, pomwe Nagama, mayi wamasiye wa ana anayi, ankagulitsa tomato. Galimoto inamugunda mayiyo, ndipo kuchipatala anakamudula mwendo.

Atatuluka, Nagama anaitanitsa anayi onsewo. "Ndalama zanu sindikuzifuna," anatero. "Mvula yayandikira, munda wanga uli thengo. Amene wandilanda mwendo abwere adzatenge khasu ili, azindilimira chaka ndi chaka mpaka ana angawa akule."

"Ine m'galimotomo ndinalimo?" anafunsa a Msosa.

"Ndinkangocheza ine," anatero Ganizani. "Phazi linali lake."

A Thombozi anachita kukalipa: "Nthambi ndinaika! Ndipo lole yanga sinasunthe n'pang'ono pomwe."

Chabwera anangolira. "Pepala anandipatsa ndi amalume, liwiro anandiuza ndi alamu. Ndikanawakanira bwanji akuluakulu?"

Amuna anayi athunthu, azitho zawo, wogwira khasu osapezeka! Mvula yoyamba inagwa usana, anthu onse anathamangira kukadzala. Nagama anakwawira m'munda mwake, nakhala pansi m'matope, n'kumazula udzu ndi manja.

Tsono inu, musandiyang'ane ine ayi. Khasu lija likadali pakhomo pa Nagama. Alinyamule ndani: wogula pepala, woseka mnzake, woponya tinthambi tiwiri, kapena mwini phazi lija?