Lamba wa Mphunzitsi Meng

M'shedi yopindiramo mapalachuti, pabwalo la ndege lili pakati pa minda ya tirigu ku Henan, muli kampeni kokhota kamene kakhala kakulendewera pamsomali zaka zisanu ndi zinayi. Mayi Han, amene amasoka nsalu ndi zingwe m'shedimo, salola munthu kukakhudza. Nkhani yake ndinaimva tiyi akundizizirira m'manja.

Pabwalopo panali mphunzitsi Meng Deshun, katswiri wolumikiza mapalachuti m'mwamba, amene anali atadumpha m'ndege maulendo zikwi zinayi. Sewero lomwe linamutchukitsa ankalichita ndi wophunzira wake, Fan Yuling, mayi wa mwana mmodzi. Awiriwo ankayandikizana mumlengalenga n'kukolana miyendo, palachuti ina kuloza uku ina uko, kenaka n'kutsika molunjika pansi ngati kabawi woona mwanapiye. Nthaka ikayandikira ankamasula miyendo, aliyense n'kukatera payekha. Moyo wawo wonse unali pa kumasulako.

Koma ukalamba sugogoda pakhomo. Maondo a Meng anayamba kumukana, ndipo kawiri konse miyendo inapulumuka sewero lisanafike pokoma. Chikondwerero cha zokolola chinali pafupi, akuluakulu a boma ataitanidwa kale. M'malo mosiyira wina malo ake, Meng analowa m'shedi atanyamula lamba womangira katundu pagalimoto, wokhala ndi chitsulo chokolera.

"Mlongo Han, ndisokereni uyu. Mbali ina pa ine, ina pa Yuling."

Mayi Han anachitembenuza chitsulocho m'manja. "Achimwene Meng, mukufuna kumanga kabichi kapena anthu? Ichi chimatseguka lamba akakhala wolefuka. Akakungika chimaluma. Ndipatseni masiku anayi ndikusokereni chomasulira chenicheni, mukachiyese muli kutali ndi nthaka."

"Chikondwerero ndi mkuja. Inu dziwani singano, mlengalenga mundisiyire ine. Ndinayamba kudumpha inu mukusewera ndi matope."

"Ndiye lero maondo akusewera ndi inu."

Amene ankapinda mapalachuti pamenepo anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunatseka makutu a Meng. Anakhala pamakina n'kusoka yekha. Atamaliza anamangirira lamba pansanamira, anamukoka ndi dzanja limodzi, n'kukankha chitsulo ndi chala. Chinatseguka.

"Mwaona? Zinthu izi ndinazidziwa kalekale."

"Nsanamira siyigwa," anatero Mayi Han, koma mkuluyo anali atatuluka.

Zovala zofiira zimene anawasokera za chikondwerero zinalibe thumba la mpeni, pomwe aliyense wochita masewerawa amakwera ndi kampeni kodulira zingwe zikamukulunga. Meng anasiya kake osadandaula. Mayi Han anasoka kathumba pamkono wa Yuling n'kulowetsamo kampeni. Akupita kundege m'mawa wa tsikulo, ng'oma zikulira, Meng anakaona.

"Ichi n'chiyani?"

"Aphunzitsi, ndi monga mwa masiku onse."

"Masiku onse kunalibe lamba. Zaka khumi ndi ziwiri ndakuphunzitsa, lero ukwere ndi mpeni wodulira ntchito ya manja anga, anthu onsewa akuona? Ngati ukundikayikira nena, ndikwere ndi wina."

Yuling anayang'ana pansi. Munthu amene anamutola ali kamtsikana kosadziwa ngakhale kumanga mfundo, amene anakhala pampando wa bambo tsiku la ukwati wake, akanamuvula bwanji ulemu pagulu? Anasolola kampeniko n'kukapereka kwa Mayi Han ndi manja awiri.

"Azakhali, ndisungireni. Ndipo mwana wanga Doudou musamupatsenso maswiti, mano atha. Ndikutsika pompano."

Kumwamba zonse zinayamba bwino. Mapalachuti awiri ofiira anakumana, lamba anakoledwa, ndipo anayamba kutsika. Khamu linaimirira. Atafika poyenera kulekana sanalekane, ndipo anthu anaomba m'manja poganiza kuti mphunzitsi akuwonjezera ndiwo. Mayi Han okha ndi amene anaona kuti miyendo yamasuka kale koma awiriwo akadali pamodzi. Mapalachuti awiri ankakokera kosiyana, lamba atakungika ngati nsinga ya uta. Meng anakankha chitsulo ndi chala, kenaka ndi manja onse awiri, kenaka anachimenya ndi nkhonya. Yuling anagwira pamkono pake, napeza thumba lopanda kanthu. Zoti ataye mapalachutiwo n'kutsegula achiwiri zinali zitachedwa; nthaka inali itafika.

Anagwera pamtengo wa m'mphepete mwa ngalande. Nthambi zinamulandira Meng. Yuling anakumana ndi thunthu.

Ng'oma zinapitiriza kulira kanthawi ndithu, chifukwa oimbawo anali atafulatira. Doudou anali paphewa la bambo ake, akuombabe m'manja.

Yuling anafera pomwepo. Meng sanafe. Msana unathyoka, ndipo kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi thupi lake linasanduka katundu wa eni. Amagona m'chipinda cha pamwamba kwa mng'ono wake, ndipo akatembenuza mutu amaona kachidutswa ka thambo pawindo. Ophunzira ake anabalalika. Mwamuna wa Yuling sanaponde pakhomopo.

Ofufuza atamaliza ntchito yawo, Meng anatumiza mawu kuti amubweretsere lamba uja. Mayi Han anakwera naye masitepe onse n'kumuika pabulangete, osakhala pansi. Mkuluyo anayang'ana lambayo nthawi yaitali. Kenaka anakankha chitsulo ndi chala chimodzi.

Chinatseguka.

"Chimatseguka," anatero ndi mawu osasa. "Mlongo Han, onani nokha, chimatseguka."

"Inde, achimwene. Pabedi chimatseguka."

Anatsika masitepe n'kubwerera kumakina awo. Mpaka lero, wophunzira watsopano akayamba kuyankha kuti zimenezo akuzidziwa asanamve n'komwe, Mayi Han satsutsana naye. Amangoimitsa makina, n'kuloza pamsomali paja.

Akuluakulu kwathu ananena kale: ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.