Mpeni wa Che Ajusa

Twaibu Mkwanda anafika kwa Shehe Likonde ku Liwonde itangotha swala, pemphero la masana, ali m'jekete ngakhale dzuwa linali loswa mtengo. Ntchito yake ku Blantyre inali yoyeza mtengo wa makampani a mabanja kuti mabwana ake agule. Ankaidziwadi ntchitoyo, vuto lake ankafuna kuti aliyense adziwe zimenezo.

Sanabwerere nzeru ayi, ankangofuna duwa, kuti Shehe amupempherere madalitso. Anafotokoza kuti mawa lake asainira zogula kampani ya nyama ya banja la a Mdoka, imene inkagulitsa kwa Asilamu kuyambira ku Balaka mpaka ku Ntaja. Miyezi inayi anakhala akuwerenga mafiriji, malole ndi phindu la zaka zisanu, mpaka anauza mabwana ake kuti zikadzavuta adzamuchotse ntchito. Kenako anaulula monyadira pamene panagona phindu lenileni: abweretsa makina, ndipo mkulu wozinga ng'ombe, Che Ajusa, wochedwa ndi mpeni uja, akapume.

Shehe anaika pambali buku limene ankalisoka chikuto. Anafunsa mofatsa ngati pa miyezi inayiyo anachezapo ndi wogula ngakhale mmodzi. Twaibu anati sizinafunike, manambala sanama.

"Sanamadi, Che Twaibu," anatero Shehe. "Koma mundikhululukire, ndifunseko. Mayi anu akamagula nyama ya sadaka, amafunsa za firiji?"

Twaibu anakumbukira mmene mayi ake ankabwezera nyama yabwinobwino chifukwa choti wogulitsa walephera kutchula amene anazinga. Anachita mantha enieni, mantha a munthu amene wayesa munda wonse koma wa eni ake ena.

"Shehe, ndiye kuti mtengo umene ndawapatsa mabwana uja..." anatero Twaibu.

"Za mitengo ine sindizidziwa, mwana wanga, mukudziwa ndinu. Chimene ndikudziwa n'chakuti anthu kuno akafuna nyama ya ukwati kapena ya Idi amayamba adzera pakhomo pano kudzafunsa ngati ili ya halali. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuvomera, chifukwa ndimadziwa dzanja logwira mpeni, ndipo ndinamvapo ndi makutu anga akutchula dzina la Allah. Che Ajusa akadzachoka, anthuwo adzabwerabe kudzandifunsa. Ine ndidzawayankha kuti sindikudziwa."